Kajuzi Kofiira ka Shamila

1. Maso a mkaidi

Mwezi wa Juni unafika ndi chiperoni. Mitambo inatsika kuchokera ku phiri la Soche n'kukuta mzinda wonse wa Blantyre. Kamvula kowaza kanagwa osaleka, kamvula kosadzaza ndowa koma kolowa m'mafupa. Kumbali ya amayi ya ndende, simenti inazizira ngati mwala wa pamanda.

Halimatu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Kwawo kunali ku Mbayani, kumene ankakazinga tchipisi pa chiwaya pafupi ndi msika. Tsiku lina anakangana ndi mnzake Nasreen polimbirana malo oikapo chiwaya. Mawu anakula, anthu anasonkhana, ndipo Halimatu anatunga mafuta owira n'kumuthira mnzakeyo. Zonse zinachitika m'kanthawi kochepa kwambiri. Khoti linamugamula kuti akakhale kundende zaka zitatu.

Analowa pachipata cha ndende ali ndi mwana kumsana. Mwanayo dzina lake anali Shamila, ndipo tsopano anali atayamba kuyenda chogwira khoma.

Chinthu choyamba chimene ndende imaphunzitsa munthu si kulapa ayi. Imayamba yamuphunzitsa kusatsinzina. Ukaphethira, sopo wapita. Ukatembenuka, supuni yapita. Motero mayi aliyense ankamanga chuma chake chonse m'chitenje cha m'chiuno: kasopo, kasingano, kamchere ka m'pepala. Ukachapa chovala sunkachisiya pachingwe n'kuchokapo. Unkaima pomwepo ngati mlonda, kapena unkachimanga m'chiuno kuti chiume ndi kutentha kwa thupi lako.

Chuma cha Halimatu chinali kajuzi kofiira ka Shamila. Bambo a mwanayo, a Mahmud, amene ankayendetsa minibasi ya ku Limbe, anakagula pa kaunjika n'kukabweretsa tsiku loona akaidi. Shamila analibe chovala china chofunda, ndipo anali atayamba kutsokomola.

Halimatu anali atamenyanapo kale kamodzi pa mpopi. Tsiku limenelo Madamu Mitawa, mkulu wa oyang'anira amayi, anamuitanira ku ofesi.

"Tamvera, make Shamila," anatero Madamu. "Ine sindibwereza mawu. Ukadzakwezanso dzanja, udzagona m'selo ya chilango. M'menemo simulowa mwana. Tidzaitana a boma osamalira ana adzamutenge, ndipo udzamuonanso tsiku lotuluka, ngati adzakhale akukudziwabe. Wamva?"

"Ndamva, Madamu."

Anamvadi. Koma makutu ndi manja sizikhala nyumba imodzi.

2. Mlendo wa Lachinayi

Lachinayi lililonse kunkabwera mayi wina wachimwenye, Mayi Jaitun. Anabadwira ku Limbe, kumene banja lawo linkagulitsa nsalu kuyambira kalekale, ndipo Chichewa ankachiyankhula bwino kuposa ana ambiri a m'tauni. Amuna awo atamwalira, iwo anaphunzira yoga kuti mtima uzikhala m'malo. Kenako anapempha akuluakulu a ndende kuti aziphunzitsa amayi: kuongola thupi pang'onopang'ono, kupuma mwadongosolo, ndi kukhala chete.

Poyamba amayi anawaseka. Amene ankatsogolera kusekako anali Zelifa, mayi wamtali wa lilime lakuthwa, amene anali atalowa ndi kutuluka m'ndendemo kangapo.

"Anti, ife tadya nandolo wosapsa," ankatero Zelifa. "Mukatipinda chonchi muthawa nokha m'shedi muno!"

Ena sankaseka. Ankati zimenezo n'zopembedza mafano, ndipo Mkhristu kapena Msilamu weniweni sangazikhudze. Nkhaniyi anaipititsa kwa Mayi Maseya, mayi wa imvi amene anakhalitsa m'ndendemo kuposa onse. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo ya m'mawa ndi pemphero la madzulo. Mayi Maseya sanayankhe msanga. Anayamba akhala pakona n'kuonerera, kenako anasonkhanitsa amayi.

"Ana anga, ine ndafunafuna fano m'menemo, sindinalione," anatero. "Ndaona mayi akutiuza kuti tipume. Kodi mpweya anaupanga ndi mmwenye? Amene anaumba munthu ndi dothi n'kumuuzira m'mphuno, Iyeyo ndiye mwini mpweya. Ife tinaulandira ulere, ndiye timangouthera kutukwana ndi kunyozana. Mkhristu akatsinzina aitane Mpulumutsi wake. Msilamu aitane Allah. Kukhala chete si tchimo. Mwinatu Mulungu wakhala akudikira kuti atiyankhule, koma m'mitu mwathu muli phokoso ngati depoti ya ku Limbe. Tiyeni timupatseko mpata."

Kuyambira pamenepo shedi inkadzaza. Halimatu nayenso ankapita, koma ankakhala kumapeto, msana utatsamira khoma. Anzake akatsinzina, iye maso ali gwa, akuyang'ana manja a aliyense.

3. "Masulani m'chiuno"

Lachinayi limenelo Shamila anatsokomola mpaka kusanzira kajuzi kake. Halimatu anakachapa msangamsanga. Dzuwa kunalibe, motero anakafinya n'kukamanga m'chiuno, pansi pa chitenje. Mwanayo anamukulunga m'nsalu n'kumusiya pakhonde, pamene gogo wina wodwala miyendo ankayang'anira ana.

M'shedi amayi anayala matumba pansi. Mayi Jaitun anayenda pakati pawo akumvetsera mmene akupumira, kenako anapukusa mutu.

"Mukupumira pakhosi pokha," anatero. "Taonani mmene mwamangira mimba zanu! Mpweya ulowa bwanji m'nyumba yotseka? Masulani zitenje za m'chiunozo, muziike uko kukhoma."

Amayi anayang'anizana.

Mayi Jaitun anali munthu wa mtima wabwino. Koma kwawo ku Sunnyside munthu amayanika zovala n'kupita kutauni, pobwera n'kuzipeza. Sanadziwe kuti akupempha mayi aliyense kuti asiye chitseko cha nyumba yake chotsegula. Ndipo panalibe wofuna kuchititsa manyazi mlendo powauza kuti pakati pawo pali akuba. Mayi Maseya anayamba kumasula chitenje chawo. Ena anatsatira.

Halimatu yekha anagwira mfundo yake ndi manja awiri. Mayi Jaitun anabwera n'kugwada pafupi naye.

"Mwanangu, ndimakuona," ananong'ona. "Chiyambire sunatsinzinepo. Mapewa ako afika m'makutu, nsagwada zako zalimba ngati ukutafuna mwala. Munthu sangakhale chonchi zaka zitatu. Lero lokha, tangoyesa."

Chiyambire kulowa m'ndende panalibe amene anamuyankhulapo ndi mawu ofewa otero. Halimatu anamasula mfundo. Anapinda kajuzi konyowako, n'kukaika pamwamba pa chitenje chake kukhoma. Kenako anagona chagada pa thumba.

"Kokani mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono," anatero Mayi Jaitun. "Ufike mpaka m'mimba. Usungeni pang'ono. Tsopano utulutseni ngati mukuuzira phala la mwana kuti lizizire. Musathamange. Palibe akukuthamangitsani."

Halimatu anatsinzina.

Anamva kamvula pamalata. Anamva kutali oitanira minibasi akukuwa kumsewu. Nsagwada zinamasuka zokha, mapewa anatsika. Usiku ndi usana ankamva kulira kwa Nasreen m'makutu mwake, koma pa nthawi imeneyo kulirako kunaleka. Misozi inatsika mwakachetechete n'kulowa m'makutu. Anagona pamenepo ngati mwana amene wanyamulidwa.

"Tsegulani maso pang'onopang'ono," anatero Mayi Jaitun.

Halimatu anatembenukira kukhoma. Chitenje chinalipo. Kasopo kanalipo. Kajuzi kofiira panalibe.

Anakuwa mpaka mawu anasasa. Oyang'anira anabwera, anafufuza m'matumba ndi m'maselo, koma sanapeze kanthu. Mayi Jaitun anamuyandikira.

"Pepa, mwanangu, sindinadziwe," anatero. "Ndibweretsa kena Lachinayi."

"Lachinayi?" anatero Halimatu. "Mukauze chifuwa cha mwana wanga kuti chidikire Lachinayi!"

Mayi Jaitun anafuna kuvula juzi yawo, koma woyang'anira anawaletsa. Katundu aliyense ankayenera kudzera ku ofesi pa tsiku lake. Anatuluka pachipata akupukuta m'maso.

4. Ulusi wopotanapotana

Chiperoni sichinamve chisoni. Halimatu ankamuika Shamila m'kati mwa foya, yunifolomu yake ya ukaidi, khungu ndi khungu, koma mphepo inkalowabe. Chifuwa cha mwana chinatsika m'kati.

Loweruka m'mawa Halimatu anaona Zelifa atakhala pakhonde, miyendo atatambasula. M'manja mwake munali kawaya kopinda kunsonga, ndipo ankaluka chipewa. Ulusi wake unali wofiira, wopotanapotana, monga umakhalira ulusi womasulidwa ku chovala china.

Halimatu anaima patsogolo pake.

"Ulusi umenewo mwautenga kuti?"

Zelifa sanadzutse mutu. "Mwadzuka bwanji kaye, make Shamila? Kwanu ku Mbayani sapereka moni?"

"Ndi kajuzi ka mwana wanga."

"Kajuzi?" Zelifa anakweza cholukacho m'mwamba. "Amayi, tandithandizeni, mwina maso anga akalamba. Apa mukuonapo kajuzi? Manja ake ali kuti? Ine ndikuona chipewa."

Ena anaseka, ena anayang'ana pansi.

"Mwana wanga akudwala," anatero Halimatu.

"Ndiye unkagoneranji chagada ngati dona wa ku Sunnyside? Unkati uli ku hotela? Kuno ndi kundende, mwana iwe. Wotsinzina amadzuka ali wamaliseche."

Dzanja la Halimatu linali litayamba kale kukwera pamene dzanja lina louma linamugwira pamkono. Anali Mayi Maseya. Anamukokera kuseri kwa thanki ya madzi n'kumukhazika pa njerwa.

"Khala pansi, mwana wanga, undimvere bwino. Ine maso angawa aona zambiri m'nyumba ino.

"Zelifa wakulakwira. Sindikuuza kuti sanalakwe, ndipo Mulungu amene amawerenga misozi ya ana waona. Koma kajuzi kaja kapita. Ngakhale umuthyole mano onse, ulusi uja sudzilukanso wokha.

"Kunali mayi wina kuno, wa ku Ndirande, dzina ndisunga. Anamubera bulangete la mwana. Anamenya wakubayo bwino lomwe, ndipo tonse tinati wachita bwino. Ndewu anapambana. M'mawa mwake kunabwera galimoto. Mwana anagwira waya wa pachipata ndi timanja tonse tiwiri, anachita kumumasula chala chimodzichimodzi. Mayi ake ali m'selo ya chilango, akumva kulirako, akumenya chitseko ndi mutu. Mawere anatupa mkaka wopanda woyamwa mpaka anadwala malungo. Bulangete analipeza pambuyo pake. Ankagona atalikumbatira, lopanda mwana.

"Udziwe ichi: ndende yonse ikudziwa chimene Madamu anakuuza. Zelifa akudziwanso. Akamakuputa ndiye kuti akusewera ndi mwana wako ngati mpira, ndipo amene angamupatse chigoli ndiwe.

"Mkwiyo umabwera utavala ngati mbale wako. Umati ndabwera kudzakuthandiza, ndabwera kudzakubwezerera. Koma ukamaliza ntchito yake umachoka, sukhala nawe pa mlandu. Unakuperekeza ku khoti? Uli nawe m'selo usiku? Unakusiya wekha ndi mwana kumsana. Lero wabweranso, ukufuna mwanayo."

Halimatu anapukuta mphuno ndi kumbuyo kwa dzanja.

"Inu munati titsinzine, Mulungu atiyankhule," anatero. "Ine ndinatsinzina. Mulunguyo anali kuti?"

"Anali pomwepo," anayankha Mayi Maseya. "Sanabe ndi Iye. Ndipo ndinakuona nkhope utagona pathumba paja. Unalandira kanthu tsiku lija. Zelifa watenga kajuzi. Usamupatsenso chinacho."

Halimatu anaimirira n'kupita kukanyamula mwana wake.

5. Mphika wa phala

Amayi a ana ankasinthana kuphika phala la ana kuseri kwa khitchini. Lolemba linali tsiku la Halimatu. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unamuliza, koma pomaliza phala linabwata mpaka kumathovoka. Anagwira mphika ndi tizigamba tiwiri n'kuunyamula kupita kukhonde kumene ana ankadikira.

Njira yake inali yopapatiza, pakati pa khoma ndi ngalande. Pakati pa njirayo panali Zelifa, atanyonyomala, akutsuka mbale. Kumutu anavala chipewa chofiira. Anali atachimaliza.

"Ndidutse," anatero Halimatu.

Zelifa anatembenuka, anaona mphika, n'kumwetulira.

"Amayi, bisani nkhope!" anakuwa. "Wa chiwaya uja akudutsa! Lero tidya tchipisi cha munthu!"

Palibe anaseka. Amene ankachapa anasiya kuchapa. Amene ankasesa anaimika tsache.

"Bwanji waima?" anapitiriza Zelifa, akusisita chipewa. "Chikukhala, eti? N'chofunda bwanji! Kamwana kako kanali ndi mwayi."

Manja a Halimatu anakwera okha. Mphika unafika pachifuwa, n'kupendekeka pang'ono. Kulemera kwake kunali komwe kuja kwa tsiku la ku Mbayani. Nthunzi inamuwomba kumaso. Pansi pake panali nkhope ya Zelifa, ndipo kumwetulira kuja kunali kutazima.

Mayi Maseya anali kutali, pa mpopi, ndipo miyendo yawo sinali yothamanga. Sanakuwe. Anangoyamba kung'ung'udza nyimbo ya m'mawa ija, motsitsa, monga amachitira mayi pogoneka mwana.

Pamenepo Halimatu anachita chinthu chimene mkaidi sachita. Mdani ali patsogolo pake, ndende yonse ikumuyang'ana, iye anatsinzina.

Anakoka mpweya ndi mphuno. Unakana, unathera pakhosi. Anakokanso. Unatsika mpaka m'mimba. Anausunga pang'ono, n'kuutulutsa ngati akuuzira phala la Shamila.

Kutentha kwa mphika kunapyola tizigamba tija n'kuluma zala. Sanausiye. Ukanagwa pamenepo ukanagwera Zelifa. Anapumanso kachiwiri, mano atalumana, moto ukudya zala zake.

"Bisimila," ananong'ona.

Anabwerera m'mbuyo, anawerama, n'kuika mphika pansi bwinobwino. Ngakhale dontho silinatayike.

Atatsegula maso anaona Zelifa atakwawira chammbuyo mpaka kugwera m'ngalande. Chipewa chinali chitavuka n'kugwera m'madzi akuda otsukira mbale, ndipo chinkamira pang'onopang'ono. Palibe anachitola.

Panalibe woomba m'manja. Zala za Halimatu zinali zitatuwa, matuza akutukuka.

"Ana akudikira phala," anatero.

Anapinda tizigamba kawiri, ananyamulanso mphika, n'kudutsa.

6. Mpweya wa mwana

Ana onse analandira phala lawo. Halimatu anamukhazika Shamila pamwendo, anagwira supuni movutikira, anauzira, n'kuifikitsa pakamwa pa mwana. Shamila anatembenuza mutu. Anayesanso. Mwana anangotsamira pachifuwa cha mayi ake, maso ali lobodo.

Masiku onsewo m'makutu mwa Halimatu munali Zelifa yekhayekha. Tsopano munali chete, ndipo m'chetemo anamva chinthu chimene sanachimve dzulo. Shamila ankapuma mofulumira, modukizadukiza, ngati kambalame kogwidwa m'manja. Anamuvundukula. Pansi pa nthiti pankalowa m'kati mwana akamakoka mpweya.

"Mayi Maseya! Tabwerani mumve mmene akupumira!"

Mayi Maseya anaika khutu pamsana pa mwana. Nkhope yawo inagwa.

"Ichi ndi chibayo," anatero. "Si cha mawa ichi. Thamanga kwa Madamu."

Madamu Mitawa anali ataima pakhomo la ofesi. Anayang'ana mwana, kenako anagwira dzanja la Halimatu n'kulitembenuza. Anayang'ana matuza aja nthawi yaitali.

"Ndinali pawindo," anatero. "Ndinaona zonse. Phala lija likanatayika, mwanayu akanapita kuchipatala ndi ine, iwe uli m'selo. Ndipo sakanabweranso kuno." Anasiya dzanjalo. "Katenge nsalu yoberekera. Galimoto ikunyamuka pompano."

Halimatu anathamanga kukatenga nsaluyo.

Ali pachipata, Mayi Maseya anafika akupuma movutikira. M'manja anali ndi chitenje chawo cha mpingo, chimene ankachivala Lamulungu lokha, chimene ankachisunga pansi pa mutu chiyambire kulowa. Anamufunditsa Shamila, n'kusanjika dzanja pamutu pake.

"Atate wachifundo, Inu amene simutaya ngakhale kamwana ka mpheta, uyu ndi wanu. Munamupatsa mpweya, musamulande lero. Muyende naye." Anatembenukira kwa Halimatu. "Iwenso upemphere m'mapempheredwe a kwanu. Khomo ndi la mwini mmodzi, tigogode tonse."

Woyang'anira wina wachitsikana anamanga unyolo dzanja lamanzere la Halimatu ku dzanja lake, kuti lamanja ligwire mwana. Galimoto inatuluka. Inadutsa m'mphepete mwa Chitawira, mawindo akuchita nkhungu. Kunja anthu ankayenda atapinda mapewa, ana a sukulu atavala majuzi. Halimatu sanayang'ane kunja. Khutu lake linali pa mpweya wa Shamila, milomo yake ikuyenda ndi dua, pemphero limene anamuphunzitsa mayi ake ali wamng'ono.

Kuchipatala chachikulu, mbali ya ana, kunali anthu odzaza. Ataona foya ndi unyolo, amayi anasendera, ena anakokera zikwama zawo pafupi. Namwino anawalozera benchi.

"Khalani apo. Onsewa ndi odwalika. Tikuitanani."

"Akulephera kupuma," anatero Halimatu.

"Ndamva, mayi. Dokotala alipo mmodzi. Akatuluka amene ali m'katimo, alowa awo ali kutsogolowo, kenako tiona."

Halimatu anakhala. Anayang'ana kutsogolo kwa mzere, kuti aone amene adzalowe mwana wake asanalowe.

Kumapeto kwa benchi, pafupi ndi chitseko cha dokotala, kunali mayi wachitsikana atanyamula kamnyamata komangidwa bandeji kuphazi. Anafunda mpango waukulu umene unabisa mbali imodzi ya nkhope. Kamnyamatako kanakoka mpangowo posewera, ndipo unatsetsereka.

Kuchokera kukhutu mpaka m'khosi khungu linali lonyezimira, lokwinyika ngati pepala la pulasitiki limene layandikira moto. Khutu lenilenilo linatsala theka.

Anali Nasreen.

Halimatu anali asanaonepo chilondacho. Ku khoti chinali chokutidwa ndi mabandeji. Tsopano anachiona chonse, ntchito ya manja ake, ndipo analibe kothawira. Unyolo unamugwira pabenchi.

Nasreen anabweza mpango mofulumira. Pobweza, maso ake anakumana ndi a Halimatu. Anayang'ana foya. Anayang'ana unyolo. Anayang'ana zala za matuza, kenako mwana amene ankalimbana ndi mpweya m'chitenje cha mpingo.

Chitseko chinatseguka.

"Wotsatira!" anaitana namwino, akuloza Nasreen.

Nasreen anaimirira, n'kukweza mwana wake m'chiuno. Koma sanalowe. Anafulatira chitseko cha dokotala, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono kubwera kumene kunali Halimatu.

Halimatu anamukumbatira Shamila ndi dzanja lake limodzi lija. Anakoka mpweya mpaka m'mimba. Ulendo uno sanatsinzine.